Zitsulo ziwiri zikakumana m'madzi chimodzi chimadyeka: kusamala injini ya boti ndi pampu ya kudimba

Nsadzo, Chifunde. Mvula ikatha, alimi a ku Nsadzo ndi midzi ina ya m'malire m'boma la Chifunde amatsikira kumadimba. Imeneyi ndi nthawi yotulutsa mapampu a injini, amene ambiri kuno timawatchula kuti motobomba, m'nyumba momwe anagona dzinja lonse. Ndi nthawi yomwenso amakaniki amalandira madandaulo ofanana: bawuti yakana kumasuka, polumikizira payipi pakutuluka ufa woyera, thupi la pampu labooka timabowo ngati toboola ndi singano, chonsecho pampuyo sinakalambe.

Ambiri amaloza chala wogulitsa kuti anawapatsa katundu wachabechabe, ndipo nthawi zina zimakhala zoona. Koma kawirikawiri gwero la vutoli ndi lina. Zitsulo ziwiri zosiyana zikagundana pamalo ponyowa, chimodzi chimayamba kudyeka pamene chinzake chikutetezeka. Amene amalidziwa bwino vutoli ndi eni maboti a injini, monga a pa nyanja ya Cahora Bassa, chifukwa injini zawo zimakhalira m'madzi. Nsadzo ili kutali ndi nyanjayo, koma zitsulo za m'pampu ya kudimba ndi zomwezo za m'injini ya boti, ndipo zimadwala matenda amodzi. Tiyambe ndi injini ya boti, pomwe vutoli limaonekera bwino, kenako tibwerere kudimba.

Batire limene simunagule

Aliyense amene anaiwalapo mabatire m'wailesi kapena m'tochi amadziwa zimene zimachitika: batire limabooka, n'kutulutsa madzi owononga. Mukaswa batire wamba mupeza zinthu zitatu. Kunja kuli chitini chopangidwa ndi zinki, pakati pali kandodo kakuda ka makala, ndipo pakati pa ziwirizi pali phala lonyowa. Wailesi ikamalira, zinki uja amadyeka pang'onopang'ono, ndipo kudyeka kwakeko ndiko kumapereka mphamvu ya magetsi. Zinki akatha, batire lathanso.

Injini ya boti ikakhala m'madzi imasanduka batire la mtundu womwewu popanda mwini wake kudziwa. Mwendo wa injini, womwe umamira m'madzi, ndi wa aluminiyamu. Shafiti imene imazunguza pulopela, pamodzi ndi mabawuti ambiri, ndi za chitsulo chosachita dzimbiri. Madzi a m'nyanja amagwira ntchito ya phala lonyowa lija. Mphamvu ya magetsi imene imapangika pamenepa ndi yochepa, yosafika ngakhale pa ya batire limodzi la tochi, ndipo munthu sangaimve ndi dzanja. Koma simapuma. Imayenda usana ndi usiku, injini ikulira kapena itazimitsidwa, ndipo chimene chimalipira ndi aluminiyamu.

Kuti kudyana kumeneku kuchitike pamafunika zinthu zitatu nthawi imodzi: zitsulo ziwiri zosiyana, kugundana kwa zitsulozo mwachindunji kapena kudzera m'waya, ndi madzi okhudza zonse ziwiri. Mukachotsapo chimodzi mwa zitatuzi, kudyanako kumaima. Chisamaliro chonse chimene tifotokoze m'nkhani ino chagona pamenepa.

Chimadyeka ndi chiti?

Zitsulo zili ndi mndandanda wake, kuyambira chofooka m'madzi kufika cholimba. Pansi penipeni pali magineziyamu, kenako zinki, aluminiyamu, chitsulo wamba cha misomali ndi makasu, mkuwa wachikasu wa mipopi, mkuwa wofiira wa mawaya a magetsi, ndipo pamwamba pali chitsulo chosachita dzimbiri. Ziwiri zilizonse zikakumana m'madzi, cha pansi ndicho chimadyeka. Zikatalikirana kwambiri pamndandandawu, kudyekako kumakhalanso kwachangu. N'chifukwa chake aluminiyamu amazunzika kwambiri akakumana ndi mkuwa kapena chitsulo chosachita dzimbiri.

Kukula kwa zitsulozo nakonso kuli ndi gawo. Chofooka chikakhala chaching'ono, cholimba n'kukhala chachikulu, chaching'onocho chimatha msanga, monga momwe kamunda kakang'ono kamathera mbuzi za mudzi wonse zikalowamo. Choncho kabawuti ka chitsulo wamba komanga chiwiya chachikulu cha mkuwa sikachedwa kuduka. Ndipo mwendo wa injini ukakalika pang'ono penti n'kuchoka, kudyeka konse kumasonkhana pa kamalo kakang'onoko, n'kuboola mozama.

Madzinso amasiyana. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere, monga ku Beira, imakhala ndi mchere wokwana magalamu pafupifupi 35, ndipo magetsi amayenda mosavuta m'madzi otero. Madzi a mu Zambezi, Cahora Bassa ndi nyanja ya Niassa alibe mchere wotero, ndiye kudyeka kumachedwerapo. Apa ndi pomwe ambiri amanamizika, n'kumaganiza kuti vutoli ndi la kugombe kokha. M'madzi athu limangoyenda ngati chiswe: kunja nsanamira ikuoneka yabwino, m'kati yatha. Madzi ofunda ndi madzi amene alowamo feteleza amafulumizitsa kudyekako.

Dzimbiri la aluminiyamu si lofiira ngati la khasu. Limaoneka ngati ufa woyera kapena wotuwa, penti amatupa matuza, ndipo pansi pa matuzawo pamakhala timaenje.

Anazitulukira bwanji?

Nkhaniyi si yatsopano. Mu 1761 asilikali a pamadzi a ku Britain anakuta sitima yawo yamatabwa yotchedwa HMS Alarm ndi mapepala a mkuwa pofuna kuiteteza ku tizilombo toboola matabwa. Poiyendera mu 1763 anapeza kuti misomali yachitsulo imene inagundana ndi mkuwa inali itadyeka. Chodabwitsa chinali chakuti pamalo pomwe pepala lokutira mkuwa linatsalira pakati pa msomali ndi mkuwawo, msomali unali wabwinobwino. Kapepala chabe kanalekanitsa zitsulo ziwirizo, ndipo zinasiya kudyana.

Chifukwa chake chinadziwika pambuyo pake. Dokotala wa ku Italy, Luigi Galvani, anaona kuti mwendo wa chule wakufa umagwedezeka ukakhudzidwa ndi zitsulo ziwiri zosiyana, ndipo analemba za kafukufuku wake mu 1791. Mu 1800 Alessandro Volta anapanga batire loyamba posanja tizidutswa ta zitsulo ziwiri zosiyana, pakati pake n'kuikapo zonyowetsedwa ndi madzi a mchere. Ndipo mu 1824 Humphry Davy wa ku Britain anaonetsa kuti ukamangirira chidutswa cha zinki kapena chitsulo pa mkuwa wa sitima, chidutswacho ndicho chimadyeka, mkuwa n'kupulumuka. Nzeru ya Davy imeneyi ndi imene ikugwirabe ntchito pa injini iliyonse ya boti lero.

Kachitsulo kopangidwira kudyeka

Makampani opanga injini za maboti monga Yamaha, Suzuki ndi Mercury amamangirira dala pa injini tizitsulo totuwa, topanda penti, totchedwa maanodi. Anodi imapangidwa ndi chitsulo chofooka kuposa mwendo wa injini, kuti magetsi aja adye iyo m'malo mwa mwendowo. Ili ngati gaga amene mayi amamwazira nkhuku pambali kuti zisiye ufa uli pamphasa. Gaga akatha, nkhuku zimabwerera ku ufa.

Pa injini zambiri anodi imodzi imakhala pamwamba penipeni pa pulopela, pansi pa chitsulo chophwatalala cha pamwendo, ndipo nthawi zambiri imaoneka ngati chipsepse cha nsomba. Ina imakhala pa chomangira injini ku boti. Injini zina zili ndi maanodi ang'onoang'ono m'kati, m'njira zodutsa madzi oziziritsa, omwe amaoneka pokhapokha makaniki akamasula.

Pali zolakwa zitatu zimene zimapha ntchito ya anodi. Choyamba ndi kuipaka penti. Munthu wokonda ukhondo akamakongoletsa injini yake amapaka paliponse, osadziwa kuti anodi yopakidwa penti sikhudzananso ndi madzi ndipo siteteza kanthu. Chachiwiri ndi kuimanga pamalo pomwe pali dzimbiri, penti kapena girizi. Anodi iyenera kugundana ndi chitsulo cha injini mwachindunji. Chachitatu ndi kuisiya mpaka itatheratu. Ikadyeka kufika theka, nthawi yosintha yakwana.

Eni injini ena amanyadira kuti anodi yawo yatha zaka ikadali yosalala ngati yatsopano. Chimenecho n'chizindikiro choipa. Anodi yathanzi imaoneka yokumbikakumbika. Ikakhala yosadyeka, ndiye kuti chikudyeka ndi chinthu china chodula.

Anodi yoyenera madzi athu

Maanodi alipo a mitundu itatu. A zinki amagwira bwino m'madzi a mchere, koma m'madzi opanda mchere amamera chikhungu choyera chimene chimawatseka, n'kusiya kugwira ntchito. A magineziyamu ndi amphamvu m'madzi opanda mchere, koma m'madzi a mchere amasungunuka msanga ndipo angathe kutupitsa penti. A aluminiyamu wosakaniza mwapadera amagwira m'madzi a mitundu yonse iwiri. Musadabwe kuti aluminiyamu akuteteza aluminiyamu mnzake: wa anodi amasakanizidwa ndi zitsulo zina kuti akhale wofooka kuposa wa mwendo wa injini. Pachifukwa chomwechi, chidutswa cha poto wakale sichingalowe m'malo mwa anodi.

Izi n'zofunika kwa amene akugula injini yogwirapo kale ntchito kugombe, monga ku Beira kapena Quelimane, kuti akaigwiritse ntchito pa Zambezi kapena Cahora Bassa. Funsani kuti anodi yake ndi ya chitsulo chanji. Zinki amalemera kwambiri m'dzanja kuposa aluminiyamu kapena magineziyamu wa kukula komweko. Pogula yatsopano, tsatani zimene buku la injiniyo likunena ndipo tengani yakaleyo kusitolo kuti mufananitse.

Magetsi othawa m'mawaya

Nyanja ya Cahora Bassa inapangika damu la ku Songo litatsekedwa mu 1974, ndipo ndi yotalika makilomita pafupifupi 250, kukhudza maboma a Cahora Bassa, Mágoè, Marávia ndi Zumbo. Kumeneko kapenta amagwidwa usiku pogwiritsa ntchito nyali zamagetsi zokopa nsomba. Boti lililonse lokhala ndi batire, nyali ndi mawaya lili ndi chiopsezo china choposa chija tafotokozachi.

Waya wa batire ukasupuka n'kugona m'madzi a pansi pa boti, kapena kugunda thupi lachitsulo la botilo, magetsi amathawira m'madzi kudzera m'chitsulo chilichonse chomira. Pamene akutulukira m'chitsulocho ndi pomwe pamadyeka. Kudyeka kwachibadwa kumatenga miyezi kapena zaka, koma kumeneku kungawononge pulopela kapena mwendo wa injini m'masabata ochepa. Anodi yatsopano ikatha mofulumira modabwitsa, musangogula ina. Yambani mwafufuza mawaya. Mawaya azikhala okutidwa bwino, okwezedwa pamwamba pa madzi, ndipo thupi la boti lisagwiritsidwe ntchito ngati waya wobwezera magetsi ku batire.

Zoyenera kuchita mwini boti

Mukafika padoko, pendeketsani injini kuti mwendo utuluke m'madzi. Chitsulo chouma sichidyana ndi chinzake.

Yang'anani maanodi kamodzi pamwezi. Akamera chikhungu, palani ndi sandipepala. Musagwiritse ntchito burashi ya waya, chifukwa tizidutswa ta wayayo timatsalira pa anodi n'kuifooketsa ntchito. Musanamasule anodi ya chipsepse ija, lembani chizindikiro momwe inalozera, popeza imathandizanso kuti boti liziyenda mowongoka.

Penti akakalika pa mwendo, tsukani, umitsani, ndipo pakani penti woyenera aluminiyamu msanga. Penti wina wopaka pansi pa maboti amakhala ndi mkuwa. Ameneyo asafike pa injini kapena pa boti la aluminiyamu.

Chotsani pulopela nthawi ndi nthawi, mupake shafiti girizi wosasungunuka m'madzi. Mukapanda kutero, pulopela ya aluminiyamu imamatirira ku shafiti moti pochotsa mpaka kuiphwanya. Pewani girizi wosakaniza ndi graphite kapena mkuwa, chifukwa zonsezi zimadya aluminiyamu. Pomwepo chotsaninso ulusi wa maukonde ndi wa mbedza umene umakulungika kuseri kwa pulopela, chifukwa umadula mphira wotseka oilo. Oilo wa m'giyabokosi akaoneka ngati tiyi wamkaka, madzi alowa, ndipo injiniyo ipite kwa makaniki isanayendenso.

Amene akufuna kusintha pulopela ya aluminiyamu n'kuika ya chitsulo chosachita dzimbiri adziwe kuti akuwonjezera chitsulo cholimba m'madzi. Maanodi adzatha msanga kuposa kale, ndipo ayenera kuyenderedwa pafupipafupi.

Tibwerere kudimba

Mapampu ambiri a mainchesi awiri kapena atatu amene amagulidwa ku Tete, kapena kudutsa pa Cassacatiza kuchokera ku Katete ndi Chipata, ali ndi thupi la aluminiyamu. Chozunguza madzi cha m'kati nthawi zambiri chimakhala cha chitsulo cholemera chochita kuumba, ndipo mabawuti ndi a chitsulo wamba. Zitsulo zosiyana zilipo, zikugundana, ndipo madzi ndiye ntchito yake. Kusiyana ndi injini ya boti n'kwakuti mapampu otere kawirikawiri sabwera ndi anodi. Choncho mlimi watsala ndi zida ziwiri: kuumitsa ndi kulekanitsa.

Kuumitsa ndiye kosavuta ndipo sikulira ndalama. Pansi pa thupi la pampu pali kachitseko kotulutsira madzi. Mukamaliza kuthirira, makamaka ngati pampu ikhala masiku osagwira ntchito, tsegulani kuti madzi onse atuluke. Ngati mumapopa madzi amatope kapena a chitsime cha mchere, tsukuluzani ndi madzi oyera musanaisunge. Pampu yosungidwa ndi madzi m'mimba kuyambira Disembala mpaka Epulo imakhala ikudzidya miyezi yonseyo, mwini wake ali kumunda wa chimanga ndi fodya. Isungeni pathabwa, osati padothi lonyowa, ndipo ikhale kutali ndi matumba a feteleza. Feteleza ndi mchere, amakoka chinyontho, ndipo fumbi lake likagwera pa zitsulo limachita zomwe amachita madzi a ku Beira. Pachifukwa chomwecho, si bwino kudutsitsa feteleza wosungunula m'pampu imene inapangidwira madzi okha.

Kulekanitsa ndi nzeru ya kapepala ka pa sitima ija. Musamange cholumikizira cha mkuwa wachikasu mwachindunji pakamwa pa aluminiyamu. Gwiritsani ntchito cholumikizira cha pulasitiki, kapena ikani kachidutswa ka payipi ya pulasitiki pakati. Kumayambiriro kwa nyengo yothirira, masulani mabawuti a thupi la pampu imodziimodzi, muipake girizi pang'ono, n'kuibwezera. Girizi amatseka njira ya madzi m'mazinga. Bawuti yotayika musailowetse m'malo ndi iliyonse imene mwatola, ndipo musamange chilichonse pa pampu ndi waya wa mkuwa. Bawuti ikakana kumasuka, musaikakamize ndi sipanala yaitali, chifukwa mazinga a aluminiyamu ndi ofewa ndipo akathothoka thupi lonse la pampu limawonongeka. Thirani oilo, dikirani, gogodani pang'ono, yesaninso.

Pakhomo ponse lamulo ndi lomweli

Malata a padenga ndi chitsulo wamba chokutidwa ndi zinki, n'chifukwa chake pa Chipwitikizi amatchedwa chapa de zinco. Zinkiyo ndi anodi ya lata: ngakhale lata litakalika, zinki wa m'mbali mwa chilondacho amadyeka kuti chitsulo cha pansi chisachite dzimbiri. Khomani malata ndi misomali yake yokutidwa ndi zinki. Waya wa mkuwa wogona padenga, kapena womangidwa pa felemu ya aluminiyamu ya sola, umasiya mzere wa dzimbiri mvula ikagwa.

Mankhwala a mkuwa opopera tomato ndi mbatatesi, a mtundu wobiriwira kapena wabuluu aja, asasungunulidwe kapena kusiyidwa m'ndowa ya lata ngakhale m'poto wa aluminiyamu. Mkuwa wa m'mankhwalawo umamatirira pa chitsulo n'kuyamba kuchiboola, ndipo mankhwalawo amachepa mphamvu. Chidebe cha pulasitiki ndicho choyenera, ndipo chikhale cha ntchito yokhayo.

Makomiti a mijigo nawonso amvetse. Mijigo yambiri ya m'midzi yathu ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ndodo zake za m'kati zilipo za chitsulo chosachita dzimbiri ndi zina zokutidwa ndi zinki. Posintha ndodo yothyoka, musasakanize mitundu iwiriyi pa mjigo umodzi. Yotchipayo idzadyeka pa mfundo pomwe yakumana ndi inzake, ndipo mudzi udzasonkhanso ndalama posachedwa.

Pampu kapena injini ya boti imagulidwa ndi ndalama za zokolola za chaka chathunthu, nthawi zina zoposa pamenepo. Pampu ikafa mu Seputembala, tomato ndi kabichi zili pakati pa kukula ndipo dzuwa likuswa mtengo, mlimi amataya pampuyo pamodzi ndi dimba. Musanapite nayo kumadzi chaka chino, itembenuzeni, muyang'ane pomwe zitsulo zosiyana zakumana, ndipo mukaona ufa woyera palani, umitsani, pakani girizi. Amene muli ndi abale ogwira ntchito m'maboti ku Cahora Bassa kapena pa Zambezi, auzeni ayang'ane kachitsulo kotuwa ka pamwamba pa pulopela. Kakadyeka kufika theka asinthe, ndipo kakakhala kosalala ngati katsopano afunse makaniki chifukwa chake.